Buku la R20 ndi mzinga wa 12 koloko

Kuno ku Cape Town ntchito ya zomangamanga imaima pakati pa Disembala, kukayambanso mu Januwale. Kwa ife a maganyu opaka penti, tchuthi chimenechi ndi njala basi. Abwana anangotitsanzika ndi pakamwa, iwo ulendo wa kunyanja. Kumudzi nako foni siyikupuma, uyu za feteleza, uyu za Khirisimasi, mwini nyumba naye akudikira lendi.

Nditatopa ndi kutentha kwa kachipinda kanga kamalata ku Dunoon, ndinakwera basi ya MyCiTi kulowa m'tauni popanda chokachita. Kufupi ndi Grand Parade ndinagula buku lakale, lothothoka chikuto, pa R20, n'kukalowa m'munda wa Company's Garden. Polowa salipiritsa. Tengani madzi ndi kamba wanu, chifukwa malo odyera a m'katimo ndi a azungu odzaona malo.

Mundawu anautsegula ndi Adatchi mu 1652 kuti azilimamo ndiwo zamasamba za anthu a m'sitima zapamadzi. Lero muli mitengo ikuluikulu, mabenchi, ndi agologolo osaopa munthu, okukwera pamwendo akangonunkhiza mtedza. Mulinso chifanizo cha Cecil Rhodes ataloza kumpoto. Ndinati mumtima, njira ya kwathu ndikuyidziwa bambo, vuto ndi tikiti.

Ndinakhala pamthunzi, nsapato n'kuvula. Chichokereni kusukulu ndinali ndisanawerengepo chilichonse choposa mauthenga a pa WhatsApp, ndiye masamba oyamba ndinkachita kuloza ndi chala. Posakhalitsa nkhani inandikoka. Ndili m'kati momwemo, mphepo ija amaitcha Cape Doctor inangoti kuu! masamba othothoka aja balala pakapinga. Ndinathamangitsa ndili chosavala nsapato. Gogo wina amene amadyetsa nkhunda anaponda tsamba lina ndi ndodo yake, lina anachita kulitola m'maluwa, ndipo tinakhala pabenchi kumawasanja motsata manambala, iwo akunyowetsa chala ndi malovu ngati akuwerenga ndalama.

Kenaka phuu! Ndinadzuka n'kufuna kuliyatsa liwiro. Agogo aja anangoyang'ana wotchi yawo.

"Khala pansi mwananga, ndi 12 koloko."

Kani ndi mzinga wa pa phiri la Signal Hill, umene amauomba masana alionse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuumva chapatali ndili pamakwerero, n'kumati mwina ndi tayala laphulika.

Anandipatsa kamphira komangira bukulo n'kumapita. Ine ndinawerenga mpaka mthunzi unasuntha kawiri, foni ili chozimitsa m'thumba, wopanda wondikuwira kuti khoma ili lasowa penti yachiwiri. Lendi inalipobe, koma tsiku limenelo sinandilume. Muno dzuwa la Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko, choncho nthawi inali mbwee.

Ndinapitako masiku ena anayi. Tsamba limodzi lokha silinapezeke, ndipo ndi pomwe mkazi wa m'nkhanimo ankayankha ngati akulola kukwatiwa. Nditapitiriza, ndinangopeza ali ndi ana awiri kale.