Wiki ya atate omwe anaotchedwa chotupa

Mande ndinafika mochedwa ku kiliniki yathu ya chiwindi, minibasi yochokera ku Chelstone inangoima pa Great East Road mpaka ndinaganiza zotsika ndiyende wapansi. Ndinapeza atate ena a ku Petauke ali kale pa benchi ndi mwana wawo wamwamuna, fayelo m'manja. Anali atangobwera kuchokera ku India komwe anakawaotcha chotupa cha pachiwindi. Ife timati ablation koma odwala amangoti anandiotcha, ndipo salakwitsa ayi. Dokotala amalowetsa singano kudzera pakhungu akuyang'ana pa sikani, nsonga yake imatentha kupitirira madigiri 60, maselo a khansa nkupsa pompo. Zimayenda bwino chotupa chikakhala chisanapitirire masentimita 3, chawo chinali 2.5.

Manje vuto linali loti thupi likutentha, mafupa kuwawa, banja lonse lati malungo. Tinayeza, kulibe. Adokotala anaonanso ngati mafinya asonkhana pamalo ootchedwawo, kulibenso. Zimachitika masiku oyamba, thupi limakhala likusesa zakupsazo.

Lachiwiri mwana uja anabwera yekha kudzatenga zotsatira za magazi, foni m'manja, ati sisita ndawerenga pa intaneti kuti akaotcha chotupa chimodzi asilikali a m'thupi amadzuka nkumaliza khansa yonse, ndiye sikani inayo ya pakatha mwezi ndi ya chani, ndalama zinathera ku India. Ndinamumvera chisoni chifukwa zomwe anawerengazo si bodza lenileni, zangoti anawerenga theka. Ndinamukhazika pansi ngakhale mzere unali wautali. Ndinati achimwene, khansa ili ngati wakuba wovala chigoba, asilikali amamudutsa osamudziwa. Maselo akapsa amaphulika, zamkati zimatayikira panja pamodzi ndi mapuloteni ochenjeza kuti pano paopsa, ndiye maselo ena otchedwa dendritic amatola zidutswazo kupita nazo ku anabele, kukaonetsa ma T cell, asilikali aja, kuti nkhope ya wakuba ndi iyi. Ma CD8, mtundu wa ma T cell omwe amapha maselo a khansa, amachulukadi m'magazi pambuyo pake. Nthawi zina chotupa chomwe sichinakhudzidwe nkomwe chimafota, dzina lake abscopal effect, mawu omwe anayamba mu 1953 pa nkhani ya radiation, chithandizo cha khansa cha cheza champhamvu. Koma ine zaka zonse ndagwira unesi sindinazionepo ndi maso anga, ndi zapatalipatali.

Chifukwa chake nchakuti chiwindi ndi chiwalo chofatsa dala. Magazi onse ochokera m'matumbo amadzera mmenemo ndi tizidutswa ta nsima, kapenta, mabakiteriya, chikanati chizilusa pa chilichonse bwenzi tikudwala tikangodya. Ndiye chili ndi maselo ake monga a Kupffer ndi ma T cell ena omwe ntchito yawo ndi kuuza anzawo kuti khalani pansi, ndipo khansa nayo imaika puloteni yotchedwa PD-L1 pamwamba pake kuti msilikali akafika mphamvu zimuthere. Asilikali amadzuka inde, koma sachedwa kugonanso.

Chomwe chinamutsegula maso ndi lupsa. Ndinamufunsa kuti kwanu ku Petauke mukatentha tchire mizu nkutsala, chimachitika nchani? Anaseka, ati msipu umaphuka wobiriwira kuposa kale. Ndi momwemo. Chotupa chikakhala pafupi ndi mtsempha waukulu, magazi oyendawo amaziziritsa malowo, m'mphepete simupsa bwino, ndiye thupi pofuna kupoletsa bala limatulutsa zinthu ngati IL-6 ndi VEGF zomwe zimathandizanso maselo otsalawo kukula msanga. Sikani ya pakatha mwezi ndi yoona zimenezo.

Lachitatu pa tiyi ndinawafotokozera adokotala athu, iwo ati nkhani yomweyi ikuzunguza mitu ngakhale akatswiri. Mankhwala a atezolizumab ndi bevacizumab, omwe amatseka PD-L1 ndi VEGF zija, anaonetsa mu 2020 kuti amathandiza pa khansa ya chiwindi yomwe singachotsedwe, anthu nkuganiza kuti tikawapereka pambuyo pa opaleshoni kapena kuotcha ndiye khansa sibwerera. Kafukufuku woyesa zimenezi wotchedwa IMbrave050 poyamba mu 2023 anaoneka bwino, atawatsatira odwala nthawi yaitali phindu lija silinakhalitse. Ine ndinangoti mtengo wake wokha ungagule nyumba ku Kabwata, tinaseka koma zosaseketsa.

Lachinayi ndiye linandipweteka. Mnyamata wa zaka 34 wogulitsa ku Soweto Market, maso achikasu, mimba yodzaza madzi, chotupa masentimita 12. Apa palibe singano yomwe ingathandize. Hepatitis B, kachilombo koononga chiwindi, anali nayo mwina kuyambira ali khanda osadziwa, katemera wake analowa pa ndondomeko ya ana muno mu Zambia mu 2005, iye anali atakula kale. Onjezani chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa pachinyontho, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, chiwindi chimamenyedwa mbali ziwiri. Odwala athu ambiri amafika chonchi, atate a ku Petauke aja ndi mwayi chabe kuti anawapeza pa ultrasound chifukwa nawonso ali ndi hepatitis B ndiye ankabwera kale miyezi 6 iliyonse. Amayi ake a mnyamatayo anandifunsa kuti nanga ku India, ndinayang'ana pansi kaye ndisanayankhe. Tinachotsa madzi m'mimba, tinayamba mankhwala a ululu, ndinawapempha kuti abale ake onse abwere tiwayeze.

Lachisanu atate aja anabweranso, thupi lazizira, akudandaula kuti amayi akuwamana nyama. Ndinawakumbutsa kuti tenofovir, mankhwala awo a hepatitis B, asasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa kachilombo kakadzuka chiwindi chotsalacho chingaphukenso chotupa china, mowa ayi, AFP, chizindikiro cha khansa ya chiwindi m'magazi, tiyezanso tsiku la sikani. Mwana uja anatulutsa foni, ndinati eee wayambanso, koma ankangofuna kulemba deti. Kenako anafunsa ngati naye angayezetse hepatitis B lero lomwe, ndinamulembera kapepala nkumulozera ku labu asanatseke 16 hours.