Mmene tinaikira a malume m'masiku a kolona

A malume anatisiya Lachitatu masana pa chipatala china mumzinda wa Lilongwe, m'sabata yomwe boma linakhwimitsa malamulo a Covid-19 mu Januwale 2021. Ine ndimakhala pa boma pa Salima, ndipo mwa ana a mlongo wawo, wamkulu ndine, ndiye uthenga unayamba kufika kwa ine. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Anthu amenewa anandilipirira sukulu kuyambira Fomu 1, pa ukwati wanga ankhoswe anali iwo, ndipo tsiku limenelo katundu yense amene ankasenza iwo anagwera pamutu panga.

Masiku amenewo dziko linali ndi mantha enieni. Pa 12 Januwale tinamva pa wailesi kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi ndi matendawa, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Lamlungu pa 17 anabweranso ndi malamulo: kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa ayi, misika izitseka 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, sukulu zitsekedwe masabata atatu, ndipo pamsonkhano anthu asapitirire 50. Ndinkamvera zonsezi ngati za anthu ena. Patangopita masiku atatu malamulowo anandipeza pakhomo.

Ndisanaganize za ulendo ndinaimba mafoni awiri. Yoyamba inapita kwa amfumu kumudzi kwathu, cha ku Thavite. Ndinati, "Amfumu, pepani, kwagwa zovuta. Malume athu atisiya ku Lilongwe, ndipo achipatala akuti ndi kolona." Mawu omalizawo ndinachita kuwakakamiza kutuluka, chifukwa achibale ena anali atandiuza kale kuti tingonena kuti ndi shuga. Shuga analidi nayo. Koma ndinaona kuti ndikabisa, mawa anthu mazana adzadzaza pabwalo, agogo okalamba adzagona pa siwa mothithikana, ndipo mlandu wake udzakhala wanga. Amfumu anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Wachita bwino kunena, mwana wanga. Adzukulu ndiwauza ndekha."

Foni yachiwiri inapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, yemwe amayeza ana sikelo ndi kugawa kolorini nthawi ya kolera. Iyeyo ndiye anandiyalira njira yonse. Anati thupi likafika lisalowe m'nyumba, bokosi lisatsekulidwe, manda akhale okumbiratu, ndipo adziwitsa anzake kuti abwere ndi zovala zodzitetezera. Aliyense amene angakumane ndi zotere, munthu woyamba kumufuna ndi ameneyu. Ku maofesi aakulu kumakhala mizere, pamene mlangizi amadziwa mudzi, amadziwa amfumu, amadziwanso njira yopita kumanda.

Usiku umenewo sindinanyamuke. Minibasi zinali zitayamba kusowa dzuwa lisanalowe, popeza dalaivala aliyense ankawerengera kuti 9 koloko imupeze ali kwawo. Ndinadzuka mbandakucha, ndinadikira kuti 5 koloko ikwane, ndinakwera kabaza mpaka pa Kamuzu Road. M'minibasi tinakhala awiriawiri pa mzere pomwe kale tinkapanikizana anayi, ndipo mtengo unali utakwera molingana ndi mipando yopanda anthuyo. Kondakitala sankalola munthu wopanda masiki, chifukwa kuyambira Ogasiti 2020 chindapusa chake chinali K10,000. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira mkati, anatiwerenga ndi chala, anauza mayi wina kuti akweze kansalu kake kafike pamphuno. Tinadutsa Mvera, Chezi, mpaka Kanengo muli zii, mawindo onse otsekula ngakhale kunali mawawa.

Ku chipatala kunandithera tsiku lonse. Pachipata anandiyeza kutentha kwa thupi, ndinasamba m'manja pa ndowa ya mpopi, kenaka kuyenda ndi mapepala: lina losonyeza kuti amwalira ndi chiyani, lina la zotsatira za kuyezedwa, lina lotilola kutenga thupi ku mochale. Chiphaso changa cha unzika ankachifuna paliponse, ndi cha malemu chomwe. Mwamwayi akazi awo anali atachiika m'kabuku ka kuchipatala. Iwowo sanabwere. Anali atauzidwa kuti akhale m'nyumba masiku 14 chifukwa ndi amene ankawadwazika, ndipo nawonso anali atayamba kutsokomola. Ndinalankhula nawo ndili panja pa mpanda, iwo ali pakhonde. "Mwana wanga, ukawaike bwino amalume ako," anatero, ndipo anandiponyera jumbo momwe munali suti yawo yakuda ndi tayi.

Suti imeneyo ndi imene inandiliza. Pamwambo wathu thupi timasambitsa tokha, timaliveka, abale amaona nkhope. Apa anandiuza kuti thupi lakulungidwa kale m'thumba la pulasitiki, lapoperedwa mankhwala, ndipo silitsekulidwanso. Ndinangoti kakasi, jumbo ili m'manja. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bweretsani kuno, achimwene." Bokosi litafika kuchokera kwa amisiri a cha ku Mchesi, anayala jekete lija pamwamba pa thumbalo, anakonza kolala bwinobwino, anaika tayi pakati, ndipo anandikodola kuti ndione ndili chapatali asanakhome. Nkhope yake sindinaione chifukwa cha masiki, ndipo dzina sindinamufunse.

Galimoto inavuta. Woyamba tinagwirizana mtengo, koma atamva mawu oti kolona anati galimoto yake ili ndi vuto la mabuleki. Wachiwiri anavomera atawonjezera ndalama, ndipo sindinamutsutse, naye ali ndi ana. Pamene zonse zimalongosoka nthawi inali itadutsa 4 koloko madzulo. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuwonjezapo msewu wa M5 wolowera ku Nkhotakota, kenaka wafumbi womwe mu Januwale umasanduka phala. Dalaivala anati sangathe kupita ndi kubwerera 9 koloko isanakwane. Komanso tikanafika kumudzi usiku, bokosi likanagona kuti, poti m'nyumba siloledwa? Tinagwirizana kuti thupi ligonenso ku mochale, tinyamuke 5 koloko m'mawa Lachisanu, tikafikire kumanda.

Zovuta zenizeni zinali kumudzi, ndipo ndinazimva pa foni usiku wonse. Bambo aang'ono anakwiya kwambiri. Ankati, "Maliro n'kulirana. Munthu amene wakhuza maliro a mudzi uno zaka zonsezi, lero aikidwe ngati khanda? Nanga si khoti linakana kale zimenezi?" Ankanena za Epulo 2020, pamene boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti dziko lonse litsekedwa masiku 21 kuyambira pa 18, ndipo pa 17 woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso atapemphedwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC. Ndinayesa kuwafotokozera kuti dandaulo la nthawi ija linali lakuti simungatsekere m'nyumba anthu odya za tsiku lomwelo popanda kuwapatsa chakudya, ndipo chiletsocho sichinanene kuti matenda kulibe. Anandiyankha kuti, "Nanga misonkhano ya chisankho cha pa 23 Juni ija, anthu anali 50?" Apa ndinasowa chonena, chifukwa ankanena zoona. Tonse tinaona makamu m'mabwalo chaka chimenecho, ndipo anthu akumudzi sanaiwale. Boma likamabwera ndi lamulo lolowa mpaka kumanda, limafunika kukhala ndi mbiri yoti anthu alikhulupirire, ndipo mbiriyo inali itaonongeka.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi amfumu. Sanatchule za boma kapena apolisi. Anaitana akuluakulu a mabanja pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti khomo lililonse litumize munthu mmodzi, okalamba ndi odwaladwala atsale, kuphika kulibe, kugona pa siwa kulibe. Chipepeso anati chiziperekedwa kunyumba kwawo, mlembi azilemba m'kope monga mwa nthawi zonse, ndipo akutali atumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Mawu amene bambo aang'ono anakana kuwamva kwa ine anawamva kwa amfumu.

Anatsala mayi anga. Iwo ndi a malume anabadwa awiri okha. Sankakangana ndi munthu, ankangobwereza mawu amodzi: "Ndione nkhope ya mlongo wanga." Ndinawaimbira cha m'ma 11 koloko usiku ndili pa mphasa kwa mnzanga ku Kawale. Ndinawauza zonse mosabisa, za thumba, za mankhwala, za misomali. Kenaka ndinawauza za jekete ndi tayi. Anafunsa kuti, "Tayi yake iti? Yofiirira ija ya ku tchalitchi?" Ndinati eya, yomweyo. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa mayunitsi atha. Kenaka anati, "Chabwino. Bwera nayeni."

Tinafika cha m'ma 9 koloko m'mawa, galimoto itatitimira kawiri, anyamata a m'mudzi woyandikana nawo akukankha matope ali m'maondo. Pamsewu panali masamba monga mwa mwambo. Sitinakhotere kunyumba. Adzukulu anali atamaliza kukumba dzulo lake, ndipo azaumoyo anayi anali akudikira atavala zoyera, magolovesi ndi majombo, wina atabereka chopopera kumsana. Anapopera bokosi, anapopera galimoto, ananyamula okha. Adzukulu, amene ntchito imeneyi ndi yawo kuyambira makolo, anaima pambali manja ali kumbuyo. Ndinaona kuti zinawapweteka. Mlangizi uja anazindikira, ndipo bokosi litatsikira pansi anatembenuka n'kunena kuti, "Akuluakulu, zotsalazi ndi zanu." Anatenga makasu awo, anakwirira, anaumba mtumbira bwinobwino.

Abusa analalikira mwachidule, mphindi zosakwana 20. Amayi a Chigwirizano anaima motalikirana, akuimba masiki ali kukamwa, mawu akumveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Mbiri ya malemu ndinawerenga ine. Nditakweza maso ndinaona kuti m'minda yozungulira manda, m'chimanga chofika m'chiuno, mwaima anthu. Wina apa, wina apo, amayi atafunda zitenje kumutu, abambo zipewa zili m'manja. Anali aja anauzidwa kuti atsale. Sanayandikire, ndipo palibe amene anawathamangitsa. Pamanda penipeni tinalipo osakwana 50, koma mudzi wonse unalipo. Bambo aang'ono anali m'gulu la pamanda, ndipo nkhata ya banja anaika ndi iwo.

Pobalalika aliyense anasamba m'manja ndi madzi a kolorini pa ndowa ziwiri zomwe tinabwereka ku tchalitchi. Azaumoyo anavula zovala zawo mosamala n'kuzitentha pomwepo. Mmodzi anandinong'oneza kuti zatsala zochepa, ndipo akuopa maliro otsatira. Mawu amenewa ndinawakumbukira mu Epulo, lipoti la kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni za Covid-19 litatuluka n'kuonetsa mmene zina zinasakazidwira. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali nditaona ndi maso anga anthu amene ndalamazo zinkayenera kuwateteza.

Nditabwerera pa boma ndinadzipatula masiku 14 m'kachipinda ka kuseri. Mkazi wanga ankasiya nsima pakhomo n'kugogoda. Tsiku lachisanu mutu unandipweteka, ndipo ndinaimba 54747, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni. Anandifunsa za kutentha thupi, kupuma, ndi ngati ndikumva fungo la zinthu, ndipo anandilangiza kuti ndikayezetse. Zotsatira zinabwera zoti ndilibe. Kumudzi mayi anavutika mwa njira ina: pa mjigo amayi ena ankachotsa ndowa zawo akawaona, ngakhale iwo sanakhudze n'komwe bokosi. Zinatha patapita milungu, mlangizi atayenda khomo ndi khomo. Akazi a malume anachira.

Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, ndipo a Chakwera anabayitsa pa 11 ku Zomba. Mphekesera zinali mbwee, zoti ukabayitsa subereka, zoti umwalira pakatha zaka ziwiri. Mwayi wa achikulire utafika ndinapita kumudzi ndili wokonzeka kukangana ndi mayi. Ndinawapeza atavala kale, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, ndipo tinakwera kabaza awiri mpaka ku chipatala chaching'ono.

Mwambo wa kumeta tinauchita mochedwa, chimanga chitauma, ndipo akazi a malume anabwera kudzaona manda a amuna awo koyamba. Amfumu anandipatsa kope la chipepeso lija. Munali maina odzaza masamba asanu ndi limodzi, ena K200, ena K500, ena mbale ya ufa, ena nkhuku. Mayi anati ndiwawerengere maina onse mokweza, ndipo pa dzina lililonse ankanena kumene munthuyo anaima m'chimanga muja.