Mwana wathu wayamba sukulu

Abale ndi anansi a ku Angónia, ku Mozambique, ndikukudziwitsani mwachimwemwe kuti mwana wathu wamkazi, yemwe anabadwa ndi khungu lachialubino, wayamba sukulu kuno ku Ulongwe.

Atangobadwa, ena ankanong'onezana kuti mayi ake anayenda njira zolakwika kapena kuti banja lathu linalodzedwa. Zimenezo si zoona. Chialubino chimabwera pamene bambo ndi mayi onse awiri apatsira mwana chibadwa chimenechi, ngakhale iwo eni ali ndi khungu lakuda, ndipo thupi la mwanayo silipanga mokwanira melanin, yomwe imadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Choncho mwanayu ndi magazi anga enieni, ndipo wofuna kuloza chala mayi ake ayambe ndi ine.

Kumulera kumafuna khama, chifukwa dzuwa lingathe kumuyambitsira khansa yapakhungu. Satuluka popanda chipewa chachikulu, zovala zamanja aatali ndi mafuta oteteza khungu, omwe kunena zoona ndi odula komanso osowa. Popeza saona bwino patali, tinapempha aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo, ndipo anavomera ndi mtima wonse.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nkhanza zimene anthu achialubino akhala akuchitiridwa kuno ndi ku Malawi chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. N'chifukwa chake timamuperekeza popita ndi pobwera. Mafumu athu ndi atsogoleri amipingo, chonde musadikire 13 Juni, tsiku lokumbukira anthu achialubino padziko lonse, kuti mulankhule za chitetezo cha ana amenewa.