Kuyendetsa maliro a mkhristu, kuyambira pa uthenga mpaka tsiku losesa

Uthenga ukandipeza kuti mkhristu wa m'dera langa watisiya, sindiyambira pa bokosi kapena galimoto. Monga mkulu wa mpingo mu CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndimayamba ndafunsa zinthu zitatu: mwini maliro ndani, amfumu amva kale, nanga malemuwo anali pati ndi mpingo? Maliro ali ndi eni ake atatu, akubanja, amfumu ndi mpingo, ndipo mikangano yambiri ya pasiwa imabuka chifukwa mmodzi mwa atatuwa anadumphidwa tsiku loyamba.

Kwathu kwa Achewa mwini maliro kawirikawiri amakhala mwinimbumba, ndiye kuti atsibweni kapena mlongo wamkulu. Iyeyo ndiye amanena kumene thupi likagone, koma ngati malemu anali pabanja ndimaonetsetsa kuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhala pansi ndipo wamasiye wamvedwa. Munthu woti wakhala mu Lilongwe moyo wake wonse, ana amafuna manda a ku Area 18 pomwe akumudzi akuti abwere adzagone pafupi ndi makolo ake. Izi zisanathe, tsiku loika lisalengezedwe, ngakhale pa WhatsApp. Uthenga wolakwika ukangotuluka, anthu amakwera basi kupita kolakwika.

Amfumu amauzidwa ndi akubanja, osati ndi ine. Manda ndi awo, ndipo adzukulu sagwira khasu popanda mawu awo. M'tauni malo a manda amapemphedwa ndi kulipiridwa ku khonsolo ya mzinda.

Za mpingo ndimazitenga ndekha. Ndimauza abusa ndi mlembi, tione m'kaundula ngati malemu anali mkhristu wodya mgonero, wa m'kalasi, kapena anali atadulidwa, chifukwa mwambo wake sufanana. Ngati pali chovuta, ndimakauza akubanja mwakachetechete tsiku lomwelo. Kuwasiya mpaka m'mawa wa tsiku loika, ali kudikira amayi a yunifolomu amene sabwera, ndi nkhanza. Pomweponso timamvana za gule: ngati mwambo waperekedwa ku mpingo, gule wamkulu sabwera, ndipo amfumu ayenera kumva zimenezi pakamwa pa mwini maliro.

Ndikatero ndimafunsa za thupi. Akamwalirira kuchipatala, achibale atenge chikalata chotsimikizira imfa asanachoke, ndipo chiyende m'galimoto limodzi ndi thupi, poti pa zipata za apolisi pamsewu angachifunse. Imfa ya ngozi, ya mwadzidzidzi kapena yokayikitsa, apolisi adziwitsidwe thupi lisanasambitsidwe. Ngati maliro agona masiku awiri podikira ana ochokera ku Johannesburg, thupi likhale ku motchale ndipo libayidwe mankhwala, makamaka nyengo yotentha ya October ndi November. Kupanda kutero mwambo woona nkhope umalephereka, ndipo anamfedwa zimawapweteka kwa nthawi yaitali. Wokagula bokosi atenge chingwe choyezera kutalika kwa thupi ndi m'mapewa momwe, osagula mongoyerekeza.

Pasiwa ntchito zimagawidwa dzuwa lisanalowe. Anyamata aike masamba pamsewu mbali zonse ziwiri kuti odutsa adziwe, agalimoto achepetse liwiro ndi apanjinga atsike. Amayi a Chigwirizano amalowa m'nyumba kukakhala ndi ofedwa, abambo amakhala panja pamoto, makwaya amasinthana usiku wonse. Ndimakonza alaliki awiri kapena atatu a mawu aafupi, wina madzulo, wina pakati pa usiku, wina m'bandakucha, kuti anthu asayambe macheza osayenera. Pa chakudya ndimawerengera kuti ufa wa mgaiwa wolemera makilogalamu 50 ungadyetse anthu pafupifupi 200 kamodzi. Nkhuni ndi madzi ndizo zimatha msanga kuposa ufa.

Chipepeso ndicho chimafuna maso. Pakhale anthu awiri, wina wolemba m'buku, wina wosunga ndalama, mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba apatsidwe nambala imodzi yokha, ndipo zimenezonso zilowe m'buku. Chotuluka chilichonse, kaya ndi cha mchere, chilembedwe. Ndalama za maliro zikayenda m'matumba ambiri, abale amadana mtembo usanalowe m'manda.

Adzukulu amalawirira mamawa tsiku loika. Ndimatumiza kwa iwo muyeso wa bokosi lenilenilo, pamodzi ndi zogwirira zake, chifukwa kasiketi ndi yotakata kuposa bokosi wamba, ndipo manda ochepa amachititsa kuti khamu liime padzuwa anthu akusema m'mbali. Nsima yawo ndi ndiwo zipite kumanda nthawi yabwino. Adzukulu akadandaula, palibe chimayenda.

Mwambo weniweni ndimaulemba papepala, limodzi kwa woyendetsa mwambo, lina kwa abusa. Timayamba ndi pemphero m'nyumba, anthu aona nkhope, akhristu atulutsa thupi ndi nyimbo. Kenaka amayankhula akubanja ndi mbiri ya malemu, akuntchito ngati alipo, chipepeso chilengezedwa, ndipo amfumu ndiwo amatsiriza nkupereka mwambo ku mpingo. Apa ndimaumirira kwambiri. Aliyense woyankhula auzidwe mphindi zake asanaimirire, ndipo chipepeso chinenedwe m'magulu, osati dzina ndi dzina. Zoyankhula zikatalika, chimene chimadulidwa ndi ulaliki, pomwe ofedwa akhala usiku wonse kudikira mawu owatonthoza. Wa mbiri asatchule matenda amene banja silinavomereze kuti anenedwe, ndipo pasapezeke woloza mnzake chala kuti ndiye wapha. Abusa nthawi zambiri amawerenga Yohane 11:25, Yohane 14:1-3 kapena 1 Atesalonika 4:13-18. Nyengo ya dzinja ndimapempha kuti zonse zithe masana asanapendeke, mvula isanadzaze manda.

Mwambo ukalowa m'manja mwa mpingo, wina asabwererenso kudzayankhula. Popita kumanda akhristu amatsogola ndi nyimbo. Bokosi likatsitsidwa, abusa amaponya dothi ndi mawu opereka thupi kunthaka, adzukulu nkukwirira makwaya akuimba. Nkhata zimaitanidwa mwa dongosolo lolembedwa kale: wamasiye, ana, makolo, akuchimuna ndi akuchikazi, amfumu, mpingo. Kuiwala mbali imodzi pa nkhata kumatengedwa ngati chipongwe, nchifukwa chake mndandandawo ndimauwerengera ankhoswe onse tisananyamuke. Amayi awiri a Chigwirizano asachoke pambali pa wamasiye mpaka atabwerera kunyumba.

M'mawa mwake ndi tsiku losesa, ndipo mpingo usasowe, chifukwa khamu litabalalika ndi pamene amasiye amavutitsidwa. Buku la chipepeso liwerengedwe pamaso pa mbali zonse, ngongole za maliro zibwezedwe, zotsala zipite kwa wamasiye ndi ana. Nkhani ya katundu ikayamba, ndimakumbutsa abale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Zikavuta, nkhaniyo ipite kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General. Miyambo yokakamiza wamasiye kugona ndi munthu ati pochotsa imfa, monga kulowa kufa, mpingo umaikana, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza yotere.

Ndisanachoke ndimauza mwana wamkulu kuti asunge chiphaso cha malemu ndi chikalata cha kuchipatala chija, akalembetse imfayo ku National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya DC, poti kubanki ndi ku penshoni adzafuna satifiketi ya imfa. Za chiliza zidikire mvula idutsepo, dothi likhazikike. Chomangidwa mothamanga chimang'aluka manda akatitimira.