Fisi wanga anandiyalutsa ku Ulongwe

Ine ndinabadwira pa Dedza, ndipo kabichi wa pa Lizulu ndagula kambirimbiri nditaima tsidya lija la msewu wa M1 lomwe amati ndi Mozambique kale. Koma kugula kabichi si ulendo. Ulendo weniweni wakunja, wa chikalata chodindidwa, ndinayenda chaka chatha mu July, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akafuna kunditseka pakamwa amangofunsa kuti, "Nanga a Fisi akuti bwanji?"

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, banja lina la ku Angonia linathawira kwathu, bambo anga n'kulipatsa malo kuseri kwa khola. Nkhondo itatha mu 1992 anabwerera kwawo, koma chibale sichinathe. Mwana wawo wamwamuna, amene tinkakumba naye mbewa, mpaka pano timaitanana achimwene. Ndiye iyeyo anandiitana ku ukwati wa mwana wake ku Ulongwe.

Ndimaphunzitsa Sande sukulu, ndipo chuma changa ndi zidole ziwiri zovala kudzanja zimene ndinasoka ndekha ndi masokosi a pakaunjika. Kalulu ndi wa sokosi yotuwa, makutu ake ndi zigamba za bulangete. Fisi ndi wa sokosi yamawangamawanga, maso ake mabatani a jekete, mano ake nthanga za dzungu zomata ndi guluu. Fisi ameneyu akangoyasamula, ngakhale mwana amene amalira amaiwala chomwe amalirira. Ndinati ndipita nazo kuti ndikapalane ubwenzi ndi ana a kumeneko.

Amene anandisocheretsa ndi mnzanga wina wa geni ya kachewere amene amawolokawoloka. Anati, "Aphunzitsi, Chichewa kumeneko n'cha akuluakulu. Ana a m'tauni muja ndi Chipwitikizi chokhachokha, kusukulu chomwecho, kunyumba chomwecho." Ine, munthu wa ndevu zanga, wodziwa bwinobwino kuti Angoni a kwa Gomani ndi a ku Domwe ndi mtundu umodzi, ndinameza nkhaniyo osatafuna. Masabata awiri ndinakhalira kuloweza Chipwitikizi pafoni. Ndinatola mawu 8.

Titawoloka chipata cha Dedza n'kufika pa Calomue, wofufuza katundu anapisa dzanja m'chikwama changa n'kutulutsa Fisi atamugwira khutu. "Bambo, ichi n'chiyani?" Amayi ena amene anali pambali panga ndi dengu la tomato anasuntha pang'onopang'ono. Ndinachita kumuvala Fisi n'kumupatsitsa moni kuti anthu akhulupirire kuti si chithumwa. Onani, funso lija linabwera m'Chichewa chomveka ngati cha pa msika wa Dedza, koma ine sindinatolepo kanthu. Ndinasintha makwacha anga kukhala ma meticais n'kupitirira monyada.

Ndinafika masana, ukwati uli mawa lake. Pabwalo panali piringupiringu, mphepo yake yozizira ngati ya ku Bembeke. Mayi a achimwene anga aja, amene tsopano aliyense amawatchula agogo, anandikumbatira n'kundikumbutsa pamaso pa anthu kuti ankandiberekapo kumbuyo. Nkhuku inaphedwa, koma pakamwa panali pambiri. Ine ndinkayembekezera nthutumba, poti kwathu mlendo wochokera kutali ndiye mwini wake. Nditavundukula mbale ndinapeza nyemba, pamwamba pake phazi la nkhuku. Limodzi. Nthutumba ndinaiona ikulowa m'kamwa mwa ankhoswe, bambo wina wa chipewa ndi mimba yaulemu wake. Ndinadya, ndinathokoza, koma chinthucho chinandikhala pamtima.

Titasamba m'manja, ana pafupifupi 20 anandandalika pamzere n'kufuula pamodzi kuti, "Boa tarde, tio!" Atatero anangoti zii, maso tong'o pa ine. Mumtima ndinati wa kachewere uja sananame. Ndinabwereka chitenje, n'kuchimanga pakati pa mtengo wa pichesi ndi mzati wa nkhokwe, ine n'kugwada kuseri.

Kalulu anatulukira: "Boa tarde, crianças!" Ana anayankha. Fisi naye anatulukira: "Boa tarde!" Anayankhanso. Kalulu anati obrigado, ndiye kuti zikomo. Fisi anati obrigado. Kalulu anabwerezanso obrigado, popanda chomwe wapatsidwa. Mphindi imodzi isanathe Chipwitikizi changa chinali chitauma, mawondo akuzizidwa pansi, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Ndiye ndinaganiza kuti mwana saseka mawu, amaseka kamvekedwe. Ndingoyankhula Chichewa chilichonse chobwera m'mutu, ndani amve?

Amene sanavalepo sokosi kudzanja sangamvetse. Chinthu chija chimamasula pakamwa. Zimene iwe sunganene, icho chimanena chili maso gwa.

"Achimwene a Fisi," anatero Kalulu ndi timawu take tating'ono, "bwanji mwaonda chonchi?"

"Ndilekerenji kuonda?" anabangula Fisi. "Ndawoloka malire, ndasintha ndalama, ndabwera ndi fumbi m'makutu, kudzapatsidwa phazi la nkhuku! Limodzi! Linzake lili kuti? Kapena nkhuku za kuno zimayendera ndodo?"

Kuseka kumene kunabuka sindinakumvepo ngakhale kutchalitchi kwathu. Ndinati eya, luso silifuna womasulira. Ndinawonjezera moto.

"Nanga nthutumba, achimwene?"

"Usandikumbutse! Yapita ndi nkhoswe ya chipewa ija, imene mimba yake inafika pakhomo pano eni ake asanatsike njinga!"

Apa ndinamva kuti m'kusekamo mwalowa mawu ena okhuthala, ena a amayi, wina mpaka kutsokomola. Koma kuseri kwa chitenje suona kanthu, umangomva kutchuka. Fisi anali atayamba kale kufotokoza za nyemba, kuti zinali zowerengeka moti akanatha kuzipatsa mayina, pamene kamwana kena kanayankhula pafupi penipeni ndi chitenje, mwaulemu, m'Chichewa chosalala:

"A Fisi, pepani. Phazi linalo ndinadya ndine."

Manja anga onse awiri anafota. Kalulu anagwera chammbali, Fisi anatsala chiyasamulire. Ndinasuzumira pamwamba pa chitenje. Ana anali akugubuduzika m'fumbi. Amayi anali atasiya miphika pamoto, ena zipande zili m'manja. Ankhoswe anali chiimire, chipewa kumutu, dzanja pamimba ngati akuiteteza. Ndipo kutsogolo kwenikweni, pamphasa, miyendo atatambasula, anali agogo. Moni wa Chipwitikizi uja, ndinamva pambuyo pake, ana anachita kuphunzitsidwa m'mawa womwewo kuti alandire bwino mlendo wochokera kunja. Mlendo wakunjayo ndinali ine.

"Agogo," ndinatero mawu akunjenjemera, "si ine, ndi Fisi."

"Tamva, mwanawanga," anayankha osaseka n'komwe. "Iwe sungatero. Tinakulera ndife."

Madzulo kamtsikana kanabwera ndi madzi osamba m'manja, kumbuyo kwake agogo eni ake ndi mbale ziwiri. Anati, "Tawavale alendo aja." Ndinamuvala. Anavundukula mbale yoyamba: ntchafu ziwiri, chiwindi, ndi nthutumba pamwamba. Nkhuku ina inali itafera mawu a sokosi. Anaiika patsogolo pa Fisi. "Iyi ndi ya a Fisi, amene anadandaula. Iwe sunadandaule, nazi nyemba zako."

Ana onse anazungulira kuti aone Fisi akudya. Abale anga, sokosi simeza. Ndinayesa kumugwiritsa nthutumba, msuzi unalowerera mpaka m'zala, guluu anasungunuka, mano awiri n'kugwera m'mbale. Agogo anaweruza kuti popeza alendowo mano awathera, nyamayo ipite kwa mwana amene ananena zoona. Kamwana kaja kanadya ntchafu kakundiyang'ana. Ankhoswe anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, n'kumafunsa Fisi, osati ine, ngati njinga yawo ili ndi mlandu wina.

Mawa lake pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo sanatchule dzina langa ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Tsopano a Fisi a ku Malawi!" Ndipo ine ndinkanyamuka, sokosi yonunkha msuzi ili kudzanja, kukavina n'kuponya ndalama, ana 20 ali pambuyo panga. Anandiitana kasanu. Ma meticais onse anathera pomwepo, moti yobwerera anandilipirira ndi ankhoswe omwe aja.

Potsanzikana agogo anandipatsira kamba wa panjira, womanga bwino m'pepala, n'kunena kuti ndisatsegule mpaka nditawoloka. Ndinatsegula ndili pa Dedza, pamalo odikirira minibasi. Munali mapazi a nkhuku okazinga. Onse awiri.