Amene Anaphunzitsa Ana a Mabanja Otchuka pa Luso

Anthu akaona kuti mwana wa woimba wotchuka nayenso wayamba kuimba, amathamangira kunena kuti zili m'magazi, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ine maganizo amenewa sandikhutiritsa, chifukwa ndikamawerenga mbiri ya mabanja amene anatulutsa anthu aluso ambiri a dzina limodzi, ndimapeza kuti mwana aliyense amene anadzatchuka anali ndi munthu amene ankakhala naye pansi n'kumamuphunzitsa, ndipo nthawi zambiri munthuyo sanali bambo amene dzina lake timalitamanda.

Banja la Bach la ku Germany ndilo limatchulidwa koyamba pa nkhani imeneyi. Mu 1735 Johann Sebastian Bach analemba mndandanda wa abale ake 53, ndipo pafupifupi onsewo ankadya za nyimbo, ena poimba limba m'matchalitchi, ena poimbira mizinda ndi mafumu. Munthu akamva chiwerengero chimenechi akhoza kuganiza kuti luso linkangoyenda lokha kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Koma Johann Sebastian, amene anabadwira ku Eisenach mu 1685, anaferedwa mayi ake mu 1694, bambo akenso n'kutsatira mu 1695, iye asanakwanitse zaka 10. Amene anamulera ndi kumuphunzitsa limba kwa zaka zisanu anali mkulu wake Johann Christoph, woimba limba m'tauni yaing'ono ya Ohrdruf, munthu amene lero amangokumbukiridwa ndi akatswiri a mbiri okha.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kabuku kamene Johann Sebastian anayamba kulembera mwana wake Wilhelm Friedemann mu 1720, mwanayo ali ndi zaka 9. M'masamba oyambirira muli mafotokozedwe a zizindikiro za nyimbo, kenako kanyimbo kafupi kamene pamwamba pa manotsi ake panalembedwa manambala osonyeza chala chimene mwanayo ayenera kugwiritsa ntchito. Bambo amene amakhulupirira kuti magazi ndi okwanira sakanavutika kulembera mwana chala ndi chala. Ana ake anayi anadzakhala opeka nyimbo odziwika, ndipo kwa zaka zambiri bambowo atamwalira mu 1750, anthu akati Bach ankatanthauza mwana wake Carl Philipp Emanuel kapena mwana wake wina Johann Christian wa ku London. M'nyumba yomweyo munali Anna Magdalena, mkazi wake wachiwiri, amene asanakwatiwe mu 1721 anali woimba wolipidwa kunyumba ya mfumu ku Köthen. Iye anabereka ana 13 ndipo anakopera pamanja nyimbo zambiri za mwamuna wake, moti zina timazidziwa bwino lero chifukwa cha zolemba zakezo. Pa mndandanda wa anthu 53 uja palibe dzina la mkazi ngakhale mmodzi, ndipo Anna Magdalena anamwalira mu 1760 ku Leipzig akudalira thandizo la amphawi.

Kwa ojambula zithunzi nkhani yake ndi yoonekeratu kwambiri. Pieter Bruegel wamkulu anamwalira ku Brussels mu 1569, ana ake aamuna awiri, Pieter ndi Jan, ali aang'ono, woyambayo ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndipo winayo chaka chimodzi. Onse awiri anadzakhala ojambula otchuka, koma palibe chimene akanaphunzira pamanja pa bambo awo. Karel van Mander, amene analemba mbiri ya ojambula mu 1604, ananena kuti Jan anayamba kuphunzira kujambula ndi utoto wamadzi kwa agogo ake aakazi, Mayken Verhulst, amenenso anali wojambula. Agogowo sanali a dzina la Bruegel, choncho aliyense wosonkhanitsa anthu aluso potsata dzina la banja amawadumpha.

Nthawi zina bambo mwini dzina ndiye amakhala chopinga. Johann Strauss wamkulu wa ku Vienna sankafuna kuti mwana wake akhale woimba, ndipo mwanayo anaphunzira vayolini mobisa, mayi ake Anna akumulimbikitsa, mpaka anayambitsa gulu lake mu 1844 n'kuyamba kupikisana ndi bambo ake omwe. Ndiyeno pali Richard Strauss wa ku Munich, amene ambiri amamuphatikiza m'banja limeneli pomwe panalibe chibale chilichonse.

Nkhani imene imandipweteka ndi ya Fanny Mendelssohn, mchemwali wake wa Felix Mendelssohn. Awiriwa anaphunzira kwa aphunzitsi amodzi ku Berlin, ndipo amene ankawamva akuimba ali ana sankaona kuti mtsikanayo ndi wochepa luso. Koma mu 1820 bambo awo analembera Fanny kalata yomuuza kuti kwa Felix nyimbo zikhoza kudzakhala ntchito, pomwe kwa iye ziyenera kukhala zokometsera moyo chabe. Fanny sanasiye kupeka, ndipo anasiya nyimbo zoposa 400, koma zisanu ndi imodzi mwa izo zinasindikizidwa m'dzina la Felix. Mu 1842 Mfumukazi Victoria ya ku Britain inasankha nyimbo imodzi m'buku la Felix n'kuiimba pamaso pake, ndipo iye anachita kuulula kuti nyimboyo inali ya mlongo wake. Fanny anayamba kusindikiza nyimbo m'dzina lake mu 1846, atakwatiwa kale n'kukhala Fanny Hensel, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Dzina limodzimodzi limene linkatsegulira Felix zitseko ndilo linabisa ntchito ya mlongo wake, ndipo iye atapeza mpata woonekera, dzinalo linali litasintha kale. Sindiona chifukwa chochitira manyazi kunena kuti kumeneku kunali kulanda, ngakhale kuti apabanjapo ankaona ngati akumuteteza.

Sindikukana kuti dzina lili ndi mphamvu, ndiponso sindikukana kuti pali zina zimene munthu amabadwa nazo, monga mawu kapena khutu lomva bwino nyimbo. Banja la Kuti la ku Nigeria limasonyeza mbali zonsezi. Agogo ake a woimba wotchuka Fela Kuti, m'busa Josiah Ransome-Kuti, ankapeka nyimbo za m'tchalitchi m'Chiyoruba ndipo anakazijambulitsa ku London m'zaka za m'ma 1920, ndiye tinganene kuti nyimbo zinali m'nyumbamo kuyambira kale. Komabe Wole Soyinka, amene analandira mphotho ya Nobel pa zolembalemba mu 1986, ndi wa mbumba yomweyi kudzera kwa mayi ake, ndipo chifukwa choti dzina lake ndi lina, ambiri sadziwa kuti iye ndi Fela ndi pachibale. Femi Kuti, mwana wa Fela, anachoka m'gulu la bambo ake mu 1986 n'kuyambitsa lake la Positive Force kuti anthu amumve iye payekha. Fela atamwalira mu 1997, mwana wake wamng'ono Seun anaima patsogolo pa gulu la bambo ake la Egypt 80 ali ndi zaka 14 zokha, ndipo n'zosakayikitsa kuti dzina ndilo linamuimika pamenepo. Koma mnyamata wa msinkhu umenewo sakanatha kuyendetsa yekha gulu lalikulu chotero. Kumbuyo kwake kunali oimba akuluakulu monga Lekan Animashaun, woliza saxophone amene anaimba ndi Fela kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi iwowa amene anapitiriza kumuphunzitsa ntchitoyo pa zoyeserera ndi pa nsanja kufikira atakhwima.