Zikomo nonse, bawo lathu lafika pa Play Store

Abale ndi alongo, gemu yathu ya bawo yatuluka pa Play Store, ndipo tisanayambe kudzitama tati tithokoze kaye eni ake a ntchitoyi.

Tinayamba atatu mu 2022, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amayi anga ku Area 25. Chaka chimenecho namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, choncho ntchito yathu inkayendera magetsi: akabwera pakati pa usiku, ifenso tadzuka. Gemu yathu yoyamba inali ya kondakitala wa minibasi wothamangitsa makasitomala. Sinatuluke, ndipo kunena zoona inali yonyansa. Amayi, inu amene munkatiphikira phala m'mamawa osatifunsa kuti ntchito yeniyeni tiyamba liti, Mulungu akudalitseni.

Tinkagwiritsa ntchito Unity, pulogalamu yopangira magemu, mpaka mu Seputembala 2023, pomwe kampaniyo inalengeza zoti izilipiritsa malinga ndi kuchuluka kwa anthu oika gemu pa mafoni ndi makompyuta awo. Pambuyo pake anadzasintha maganizo, koma ife tinali titasamukira kale ku Godot, yomwe ndi yaulere ndipo ndi yopepuka moti laputopu yathu yakale ija inapumako.

Kenaka inabwera nkhani ya madola. Kutsegula akaunti yoikira gemu pa Google Play ndi madola 25 okha, koma nthawi yomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kupeza khadi lolipirira kunja kunali kovuta kuposa ndalamayo. Amalume a ku Johannesburg, munalipira musakudziwa n'komwe kuti mukulipirira chiyani. Zikomo. Google inkafunanso kuti anthu 20 ayese gemuyo kwa masiku 14 motsatizana. Anzathu a kwaya, alamu anga, ndi inu achimwene ogulitsa mayunitsi pa siteji, munawononga bandulo yanu chifukwa cha ife.

Koma amene tikuwagwadira kwenikweni ndi madala a pansi pa mtengo wa mango ku Kawale. Ife tinkaganiza kuti bawo timalidziwa: maenje 32, nkhomo 64, basi. Tsiku loyamba kuwaonetsa, agogo ena anasewera kawiri kokha n'kubweza foni, nati kompyuta yathuyo ikuba. Anali kunena zoona. Tinali titasokoneza malamulo a dzenje lotchedwa nyumba, komanso nthawi yomwe munthu amaloledwa kutakata (kuyendetsa nkhomo osadya) m'malo modya. Kwa miyezi itatu tinkapita Loweruka lililonse ndi kope, iwo akusewera pa bolodi lawo, ife tikulemba. Nthawi zina ankakangana okhaokha pa lamulo limodzi mpaka dzuwa kupendeka, ife tili duu kudikira kuti apambane ndani. Phokoso la nkhomo lomwe mudzalimve mu gemuyi tinalijambula pa bolodi lawo lomwelo, ndipo mukatchera khutu mumva tambala akulira chapatali. Tinamusiya dala.

Mpaka lero kompyutayo sinawagonjetsebe agogo aja, ngakhale pa levulo yovutitsitsa. Atiuza kuti tibwerenso Loweruka likubwerali, ndipo tisaiwale kutenga chaja, chifukwa ulendo watha foni inazima iwo atatsala pang'ono kuwina.